Nkhwazi ya pa Ndalama

Amuna anga anali kalaliki pa sitesheni ya sitima ku Kafue m'zaka za Chitaganya. Ankaphunziranso kudzera pa positi, kasungidwe ka ndalama za kampani ndi malamulo a zamalonda. Anthu ankawapatsa ulemu chifukwa cha zimenezo, koma ine chimene chinanditenga mtima ndi dzanja lawo. Akagwira pensulo, bwato la asodzi a ku Chanyanya unkachita kuliona likuyenda papepala. Anandijambulapo nditatupa ndi mkwiyo, ndipo ndinakwiyiratu nditaona kuti ndinedi.

Mwezi wina atalandira malipiro, anayang'anitsitsa nkhwazi imene inali pa ndalama yapepala. Anati amene anaijambula anali asanaionepo ikutsika kudzawakha nsomba. Anayamba kuikopera kuti aikonze mapiko, koma dzanja linakana kuima. Anaikamo mizere yonse, manambala, utoto womwe. Ndinaikonda kuposa ndalama yeniyeniyo, imene sinkachedwa n'komwe m'nyumba mwathu.

Kenako positi inabweretsa phunziro la milandu yachinyengo. Anawerenga ali pakhonde, nabwera kumene ndinkaphika, chithunzi cha ndalama chija chili m'manja.

"Amake mwana, uyu ni mulandu. Buku ikamba kuti kukopela ndalama ni jele."

"Nanga mufuna kugula nayo chani? Kumbuyo kulibe kanthu!"

"Khoti sifunsa ivo. Bakaipeza muno, nchito yasila, masukulu yasila."

Anachiika pambaula. Ndinakalipa mpaka oyandikana nafe anasuzumira pampanda. Ndinawatcha amantha, ngakhale ndinkadziwa kuti masiku amenewo apolisi ankalowa m'nyumba za anthu kufunafuna makadi a ndale. Iwo anangodikira kuti pepala lithe, nabwerera kukawerenga.

Ndinkayesa kuti mantha atha mawa kapena mkuja. Ndinawagulira mapepala abwino kusitolo ya mmwenye, iwo nkumachitirapo masamu. Mayeso anakhoza, ntchito anakwezedwa, tinasamukira m'nyumba ya malata. Ndisaname, tinadya bwino. Koma ndinkamusowa munthu wojambula uja ngakhale tinkagona nyumba imodzi, ndipo ndimamusowabe lero pamene anapita kale.

Mwana wathu wamkazi ali Sitandade 2 anauzidwa kusukulu kuti ajambule nsomba. Ndinamutuma dala kwa atate ake, ine nditabisala kuseri kwa chitseko. Anagwira pensulo ya mwanayo kanthawi ndithu, kenako anamubwezera.

"Yenda kuli amai ako," anatero. "Ine siniziba kujambula."