Botolo Lobiriwira la Thobwa

Mbiri ya sayansi m'boma la Zomba singalembedwe popanda kutchula botolo lobiriwira lomwe ndinatola kuseri kwa golosale ku Domasi ndili Sitandade 4. Akatswiri sanalionepo botololi, chifukwa linangokhala masiku atatu.

Munali mu Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Amayi ankaphika thobwa logulitsa kumsewu, ndipo zigubu zawo sankazitseka kwambiri. Nditafunsa chifukwa chake, anangoti thobwa limapuma. Amalume, omwe ankakhala nafe chithereni ntchito yawo yokonza mawailesi, anaseka. Iwo chiphunzitso chawo chinali chimodzi: "Zomva n'zabodza, mphwanga. Yesa, uone wekha."

Ndinayesa. Ndinathira thobwa m'botolomo mpaka m'khosi, amalume n'kulitseka ndi chitsononkho, n'kumangapo mphira wa njinga. Tinaliika padenga la malata. M'mawa uliwonse ndinkakwera pamtondo kukaona thovu, n'kulemba kumapeto kwa kope la masamu. Chibadwire sindinalembepo notsi ndi mtima wonse ngati pamenepo. Aphunzitsi a kukoleji, komwe ndinachoka chaka chachiwiri osauza munthu, angandichitire umboni.

Tsiku lachitatu masana ndinalitsitsa, likutentha ngati mbatata yootcha, kuti amayi aone. Anali pakhonde, akuyamwitsa mlongo wanga. Ndinaligwedeza kuti thovu lioneke bwino.

Linalira ngati mfuti. Nkhuku zinabalalika, khonde lonse fungo lowawasa. Galasi lina linandicheka khutu, magazi chuchuchu m'khosi. Lina linazika m'chipupa, chala chimodzi chokha pamwamba pa liwombo la mwana.

Amayi anagoneka mwanayo pamkeka bwinobwino, n'kutenga mthiko wa thobwa, wautali uja. Anandimenya nawo mpaka unathyoka. Chotsalacho chinathera pa amalume, omwe ankayenda chambuyo manja ali kumutu, akufotokoza za mpweya. Dzuwa lisanapendeke chikwama cha amalume chinali panja. Anakwera minibasi ya ku Liwonde, ndipo sanadzagonenso m'nyumba mwathu.

Ine zinandisokoneza. Kafukufuku anali atatsimikiza kuti thobwa limapumadi, amayi ndiwo analondola. Sindinamvetse chifukwa chomwe munthu wopambana mtsutso anakhalira pansi n'kumalira, akupapasa ndi kupapasanso mutu wa mwana wopanda ndi chilonda chomwe.

Pa kuwerengera kwanga nthawi imeneyo, sayansi yonseyo inangondidyera kansonga ka khutu lamanzere, kochepa kuposa nyemba.