Khutu Lakumanja la Mang Pulong

Pa 21 Disembala 2019, Loweruka masana, a Celestino Magbitang, mwini fakitale ya makombola kuno ku Santa Ines m'chigawo cha Bulacan, kumpoto kwa Manila, anapha khutu lakumanja la a Crispulo Dimalanta. Linali lokhalo limene linatsala likumva. Anachita izi poyera, nkhumba yowotcha ili patebulo, wansembe ndi apolisi ali pamipando yakutsogolo, ndipo khamu lonse linaomba m'manja.

A Crispulo ndi aja tonse timawati Mang Pulong, aatali owerama pang'ono, a zikhadabo zakuda ndi onga zimene sopo anazilephera kalekale. Ntchito ya makombola anaiyamba asanamere ndevu, kupinda timapaipi ta mapepala pakhonde la amayi awo monga ankachitira ana onse a mumsewu umenewo. Pakhonde lomwelo pankakhalanso Celestino, amene ife omudziwa chiyambire timangomuti Tinoy, mamina ali chuchuchu, kabudula atang'ambika kumbuyo. Awiriwa anakula akudyera mbale imodzi. Kusiyana kwawo n'kwakuti Pulong anaphunzira ntchito, Tinoy anakwatira mwana wa mwini fakitale. Kuyambira tsiku la ukwati wake sanayatsenso kombola ndi dzanja lake. N'chifukwa chake mpaka lero zala ali nazo zonse khumi, ndi makutu awiri amoyo, ngakhale sizikudziwika kuti amamvera chiyani.

Wogula makombola sakhulupirira pakamwa pa wogulitsa, amafuna amve yekha. Choncho fakitale iliyonse ili ndi munthu wake woyesa, ndipo kwa Tinoy munthuyo anali Mang Pulong. Chaka Chatsopano chikamayandikira, amalonda ochokera ku Manila ankaima m'mphepete mwa munda wa mpunga kuseri kwa fakitale, manja ali m'matumba, Mang Pulong n'kulowa m'ziputu atanyamula koilo ya udzudzu yoyaka. Kombola likaphulika, amalonda aja ankapinda milomo.

"Aa, kumeneku ndi kukhosomola kwa nkhalamba. Palibe lokulirapo?"

Tinoy ankakuwa ali pamthunzi: "Pulong, katengeni lalikulu lija!"

Zinkatero tsiku lonse, chaka ndi chaka. Thonje la m'makutu fakitale sinagulepo ndi tsiku limodzi lomwe. Mang Pulong anadzipezera okha kayatsidwe kawo. Ankafika pa kombola chammbali, phewa lakumanzere lili patsogolo, ndipo chingwe chikangoyamba kuthetheka, chala chinkalowa m'khutu lakumanja. Anzawo akamawaseka kuti akuvina, ankayankha kuti, "Lakumanzereli ndinawapatsa abwana. Lakumanjali ndi la Mesing."

Aling Mesing ndi akazi awo. Pa utsikana wawo ankagulitsa makeke a mpunga pamsika, ndipo akaitana wogula, mawu ankamveka mpaka kutchalitchi. Sitiroko itawagwira inapha mbali imodzi ya thupi, n'kuwasiyira kamawu kochepa ngati ka mwana wa mphaka. Sadzuka okha, satembenuka okha. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Minda, amagwira ntchito m'sitolo kutawuni ndipo amafika kwawo Lamlungu lokha. Wosamala mayiwo anali Mang Pulong. Nyumba ili pafupi ndi fakitale, ndiye ankathamangirako pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo pogona ankagonera kumanzere kuti khutu la Mesing likhale pamwamba.

"Agonthi inu, madzi!"

"Ndinamva kale, mayi. Ndimafuna muitanenso, mawu anu ndi okoma."

"Bodza. Pamene ndinali ndi mawu munkathawira kufakitale."

Umu ndi mmene ankakhalira, ndipo palibe anawamvapo akudandaula.

Minda atabadwa, amene anamuimirira pa ubatizo anali Tinoy. Kuyambira pamenepo amuna awiriwa anayamba kutchulana kumpare, dzina limene amaitanirana bambo wa mwana ndi womuimirira, ndipo aliyense kuno akudziwa kulemera kwa mawu amenewo. Kumpare sakanidwa pagulu. Mphatso ya kumpare siikidwa m'kabati. Pakati pa anthu olingana umenewu ndi ubale wabwino. Pakati pa bwana ndi wantchito ndi chingwe cha pamphuno pa njati yolimira. Tinoy akafuna munthu wogwira ntchito tsiku la tchuthi, mawu ankakhala "kumpare". Nkhani ikakhala ya malipiro, ankakhala "Pulong".

Mwezi wa Novembala chaka chimenecho, Aling Mesing anayamba kuitana katatu, kanayi, amuna awo ali chikhalire pakhomo pomwepo. Minda anapempha tchuthi n'kuwakokera bambo ake kuchipatala cha boma. Kumeneko dokotala wa makutu, mayi wachitsikana, anawalowetsa m'kachipinda kotseka, n'kuwaveka zomvera, n'kuwauza kuti akamva kulira akweze dzanja. Kumanzere dzanja silinakwere. Kumanja linkakwera mochedwa.

"Bambo, mkati mwa khutu muli titsitsi ting'onoting'ono timene timagwira mawu," anatero dokotalayo. "Ukalamba umatithothola pang'onopang'ono, mafinya ndi mankhwala ena amatiwononganso, koma phokoso limatitchetcha ngati chikwakwa. Tikafa sitimeranso. Kumanzere kunatha. Kumanja kwatsala kamunda kakang'ono."

"Kokwanira kumva mkazi wolongolola?"

"Kokwanira, mukakasamala. Tikupezerani kachipangizo koyeza pa khutu lanu, kafika mu Febuluwale. Koma makombola basi, ngakhale limodzi."

Mawa lake Mang Pulong analowa mu ofesi ya Tinoy chipewa chili m'manja, n'kubwereza mawu onse a dokotala. Minda anali pomwepo, ndipo ndi mboni. Bambowo anapempha chinthu chimodzi, kuti abwerere kopinda mapepala.

"Disembala ali pakhomo, kumpare, mukufuna kundipha?" anatero Tinoy. "Madokotala a masiku ano ndi ana, amaopa ndi chitseko chomwe chikamenyetseka. Vuto ndi khutu basi? Limenelo ndisiyireni ine."

Komabe kwa masabata angapo anaika munthu wina woyesa, ndipo Mang Pulong anaganiza kuti ubale wagwira ntchito. Sanadziwe kuti Tinoy diso lili pa mpando wa kapitani wa dera, umene anthu amachita kuvotera, ndipo munthu wofuna mpando amasowa wosauka woti ajambulitse naye.

Phwando la Khirisimasi la antchito linachitikira pabwalo la fakitale. Panali nkhumba, pansiti uja wonga supageti, mabotolo a jini, ndi munthu wa kamera wochita kuitanidwa. Wansembe atadalitsa chakudya, n'kudzidalitsira yekha chikopa cha nkhumba chokhukhuta bwino, Tinoy anatenga maikolofoni n'kuitana kumpare wake kutsogolo. Analankhula za khonde lija, za mbale imodzi ija, mpaka anapukuta diso louma. Kenako anatsegula kabokosi, ndipo munali kothandiza kumva.

Zothandiza kumva zinachokera kutali. Agogo athu ankangokhomeka chikhato kuseri kwa khutu, ena nyanga ya njati. Tili ana, wansembe wokalamba wa parishi ino ankayenda ndi bokosi m'thumba la pachifuwa, waya atakwera mpaka kukhutu, likulira ngati nkhululu pakati pa Misa. Anthu ophunzira anavutika zaka zambiri kuti afike pa timakina ta lero, timene dokotala amatiyeza pa khutu la munthu mmodzi, timene timakweza mawu ofooka koma phokoso lalikulu n'kulipondereza. Za m'kabokosi ka Tinoy sizinali m'gulu limenelo. Kanali kapulasitiki ka pamsika, kogulitsidwa pamodzi ndi matochi ndi malezala, kopanda nzeru ngati mwini wake wogula. Ntchito yake ndi imodzi, kukweza chilichonse mofanana, mawu a mkazi wodwala ndi kuphulika kwa onga chimodzimodzi.

Tinoy anakalowetsa yekha m'khutu lakumanja la Mang Pulong, n'kupotokola kagudumu kake mpaka kumapeto.

"Mukundimva, kumpare?"

Mang Pulong anadzidzimuka. Mafoloko ankalira ngati makasu, kuseka kwa anthu ngati malata akugwa. "Ndikumva, kumpare. Mwina mwakweza kwambiri."

"Mwamva? Akuti akumva kwambiri!" Anthu anaseka. "Dokotala anati Febuluwale, ine ndati lero!"

Zikanathera pomwepo, bwenzi ili nkhani ya mphatso yachabechabe basi. Koma chaka chimenecho fakitale inali itapanga kombola latsopano, lalikulu ngati chitini cha mkaka, lomwe analitcha Apongozi Samukani, ndipo amalonda a ku Manila anali pakati pa alendo. Tinoy anakweza dzanja.

"Ndani wina angayatse loyamba, kupatula mkulu wathu amene wabwezeredwa makutu lero?"

Minda kunalibe, anali kusitolo. Mang Pulong anayang'ana wansembe, wansembe anayang'ana m'mbale. Anayang'ana apolisi, amene ankadziwa bwino lomwe kuti kombola la msinkhu umenewo lamulo sililola, koma m'kamwa munali modzaza. Anayang'ana anzawo a pantchito, anthu oti anamva za dokotala, ndipo onse ankaimba dzina lawo akumenya matebulo. Munthu wangovekedwa mphatso pamaso pa mudzi wonse, akananena bwanji kuti ayi? Anaganiza kuti limodzi lokha, chala chilipo, monga kale.

Analowa m'ziputu ndi koilo yawo. Anafika chammbali, phewa lakumanzere patsogolo. Chingwe chinagwira moto. Dzanja linakwera lokha monga linazolowera, koma chala chinakumana ndi pulasitiki. Anayamba kukazula.

"Musachotse, kumpare! Akujambula!"

Amenewo ndiwo mawu omaliza amene Mang Pulong anamva pa dziko lino, ndipo anawamva bwino kwambiri, chifukwa anadutsa pa maikolofoni ndi pa mphatso yomwe. Dzanja linaima m'malere. Akanakhala wina aliyense, bwenzi atakataya kapulasitikiko m'matope. Koma anali kumpare.

Atadzuka pamene anagwada, anaona utsi ukuyenda pamunda, agalu akuthawa, ndi manja ambirimbiri akuombana popanda phokoso. M'mutu munali mluzu umodzi wautali. Kamagazi kanatsika m'khosi n'kulowa mu kolala ya malaya awo a kutchalitchi. Tinoy anawakumbatira, wa kamera n'kujambula kuchokera mbali yopanda magazi. Amalonda anagula katundu yense.

Mang Pulong anafika kunyumba dzuwa likadalipo. Aling Mesing anatembenuza mutu papilo, pakamwa pakuyenda. Mang Pulong anaima pakhomo kuyembekeza kuti mluzu uja utha, mawu atulukira kuseri kwake. Anawerama, n'kuika khutu lakumanja pafupi ndi milomo ya akazi awo. Anangomva mpweya wofunda.

Dokotala uja atawaonanso sanawakalipire. Anauza Minda kuti nembanemba ya m'khutu imene inang'ambika ipola, koma kamunda kaja kapita. Dzanja silinakwere mbali zonse ziwiri. Kachipangizo ka Febuluwale kanafika pa nthawi yake, kabwino, koyeza, koma kanalibe choti kakweze. Anakapereka kwa wina.

Lamlungu lina m'mawa Minda anapeza bambo ake akuchapa nsalu za pabedi kuseri kwa nyumba, akung'ung'udza nyimbo mosalongosoka. Mkati, amayi ake anali pansi pa simenti, atagwa pofuna kufikira kapu ya madzi, mawu atatha ndi kuitana. Pakati pa awiriwa panali khoma la nsungwi lokha. Mang Pulong atalowa n'kuona, anakhala pansi pomwepo n'kuyamba kudzimenya khutu ndi chibakera mpaka Minda anawagwira dzanja.

Tsopano pali chingwe. Ndi chija amamangira mitolo ya makombola. Nsonga imodzi ili padzanja lamoyo la Aling Mesing, ina pamkono wa Mang Pulong, ndipo mayiwo akafuna madzi amakoka. Kutalika kwa chingwecho ndiye dziko lonse la bambo amene uja: kukhitchini amafika, pampopi amafika, pamsewu safika. Kufakitale anasiya, ndipo palibe anabwera kudzafunsa. Aling Mesing amawanenabe agonthi, zimaoneka pamilomo, koma yankho lija la mawu okoma silibweranso, chifukwa nthabwala imafuna kumva.

Minda anapita kwa Tinoy. Anamulandira bwino, anamupatsa mpando, n'kumukumbutsa kuti anamunyamula pa ubatizo. "Mwana wanga, kodi ndinawagwira dzanja? Anayatsa okha. Mwinanso anakavala molakwika, anthu akale zinthu zamakono zimawavuta." Potuluka anamupatsa mwendo wa nkhumba kuti akawapatse odwala.

Chithunzi chija chilipo mpaka pano, pa chinsalu chachikulu pamphambano ya kumsika. Tinoy akumwetulira, mkono uli paphewa la Mang Pulong, ndipo pansi pake analembapo kuti ndi munthu womva kulira kwa osauka. Anthu omwe anamenya matebulo aja amadutsa pansi pake tsiku lililonse osachita manyazi. Ena amati n'zakale, ena amati ndi ngozi ya pantchito, ena amati munthu wopereka mphatso saimbidwa mlandu. Galimoto ya Tinoy ikamadutsa, Mang Pulong amavulabe chipewa ali pakhomo, chingwe chikulendewera pamkono.

Iwo sangafunse, ndipo ngakhale atayankhidwa sangamve. Koma ena tilipo, ndipo makutu tili nawo. A Celestino Magbitang, mawu a dokotala anakufikani mu ofesi mwanu, mwana amene munamuimirira pa ubatizo ali pomwepo. Munaona dzanja la kumpare wanu likukwera kukateteza khutu lomaliza. Munaliimitsiranji? Yankhani, pa maikolofoni omwe aja.