Nsalu za boma pathandala la amayi

Mwatandala uli nonse? Ine lero manyazi andigwira osati masewera.

Mukudziwa kafukufuku wa boma uja kuntchito kwathu ku Kande, wa kashembe amene akudwalitsa mahatchi. Lero kunabwera akuluakulu kudzaona ngati ntchito ikuyenda. Ine wosamalira mahatchi ndi amene ndimawaonetsa misampha, nsalu za buluu ndi zakuda zija timamanga kudambo. Tinangopeza mitengo yokhayokha.

Bwana wawo, mayi wofatsa, anandifunsa ngati ndikukayikira wina. Ine pakamwa yasa: "Anthu a kuno ndi akuba, bwana!"

Pobwerera tinadzera kunyumba kwathu kuti alendowo amwe madzi. Abale anga, nsalu zonse zili pathandala, amayi ayanikapo chinangwa cha kondowole! Anatilandira akumwetulira: "Mwana wanga, ndinazitola kudambo, anthu anangozitaya. Zimaumitsa bwino!"

Bwanayo sanakalipe. Anangoti nsaluzo zili ndi mankhwala, chinangwacho chisadyedwe, ndipo kafukufukuyo mwina ayamba waima.

Chinangwa ndataya, amayi sakundilankhula. Ndiuzeni abale, mawa kuntchito ndikanene kuti akuba aja ndi ndani?