Mzere wa Asilamu pa Bolodi Langa

Ndinali kalaliki pa kachipatala kena kufupi ndi Sinda, m'nthawi ya chipani chimodzi. Mwezi ndi mwezi ndinkalemba ndi choko pabolodi lapakhonde chiwerengero cha amayi otenga mapiritsi olera. Maina sindinkalemba, ndipo ndinkadzitama nazo. Koma pofuna kuti bolodi likongole, ndinawagawa amayiwo potsata chipembedzo.

Pamzere wa Asilamu panali mmodzi yekha. Amayi a Saidi, akazi a wasitolo, atapita kumaliro ku Malawi, mzerewo unakhala wopanda kanthu. Atabwerako, mmodzi uja anaonekanso. Apongozi awo aakazi, omwe ankadikirira jekeseni pakhonde pomwepo, kuwerenga ankadziwa.

Tsiku lina amayi a Saidi anandipeza ndikudya mango, diso lawo litatupa.

"Akalaliki, ndinakulakwirani chiyani?"

"Pepani amayi, ndi lamulo lochokera kwa akuluakulu ku Chipata," ndinatero, madzi a mango akuyenderera mpaka pachigongono.

Bodza lenileni! Ku Chipata kunalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa za bolodi langa. Amayiwo anagwada, n'kundipepesa kuti andivutitsa pachabe.

Ndipo ine, galu wachabechabe, ndinawakhululukira.