Tsiku Limene Ndinakuwa Pakati pa Mpesa

Amuna anga samwa vinyo. Chibadwire sanalawepo, ngakhale pa mgonero, chifukwa kutchalitchi kwathu timamwa juwisi. Ndiye tsiku limene anandiuza kuti akufuna tigule nyumba pakati pa minda ya mpesa, ine ndinaseka mpaka misozi. Mkulu wa mpingo wathunthu kukakhala pakati pa anthu ofulula!

"Bambo, sitiroko ija inakhudza mwendo wokha kapena ndi mutu womwe?" ndinawafunsa.

Sanaseke. Anangonditembenuzira foni kuti ndione zithunzi.

Apa n'kuti chaka chitatha chigwereni m'bafa kunyumba kwathu ku Lawrence, kumpoto chakum'mawa kwa Indianapolis, ku America. Ine ndine namwino, odwala sitiroko ndawasamala ambirimbiri, koma tsiku limenelo unamwino wonse unandithawa. Ndinawapeza ali pansi, pakamwa patapindika, ndipo kuwanyamula sindinathe. Ndinakuwa. Nyumba zathu n'zogundizana khoma, moti bambo woyandikana nafe anamva, nathamanga wopanda nsapato. Iye ndiye anaimbira ambulansi. Amuna anga anachira, koma ntchito yawo ya kufamase, kogulitsira mankhwala, anaisiya, ndipo mwendo wakumanzere amachita kuukhwekhwereza mpaka lero.

Ndiye munthu ameneyu ati tikakhale kutchire, awiriwiri. Ine mumtima ndinali ndi funso limodzi lokha: akadzagwanso, ndidzaitana ndani? Koma kuwafunsa zimenezo pamaso sindikanatha. Mwamuna amene wangodzuka kumene sumamukumbutsa za kugwa. Ndinkangolongolola za zina, za udzu woti n'kumatchetcha, za chipale chofewa, za ulendo wa kutchalitchi.

Kudera limenelo sikunali kwachilendo kwa ife. Titangofika ku America tinkakhala ku South Bend, m'kanyumba ka lendi kamene mukayetsemula kuchipinda, wa pabalaza ankayankha. Koma anthu amene ankalowa m'kanyumbako! Mapemphero akatha, Amalawi onse ankathera kwathu. Nsapato pakhomo zinkachita kuunjikana ngati pa kaunjika, ana asukulu ongofika kumene ankagona pakapeti, wina akumetedwa kukhitchini, amayi akulukana tsitsi uku akukangana za nyimbo za kwaya. Ndinkadandaula, inde, kuti anthuwa andithera shuga. Lero ndikamadutsa mumsewu umene uja ndimachepetsa liwiro ngati ndimva phokoso lija.

Chilimwe chikamatha tinkalongedza ana m'galimoto yathu yakutha ija n'kuwoloka malire kulowa ku Michigan, kukathyola mphesa m'minda imene amalola munthu kudzithyolera yekha. Si patali ayi. Ana ankadya zambiri kuposa zimene ankaponya m'basiketi, milomo ili bii, akuyankha Chingerezi ife tikuwakalipira m'Chichewa. Pobwerera, bambo awo ankayendetsa pang'onopang'ono tikafika pa nyumba zikuluzikulu za pamwamba pa zitunda, mizere ya mpesa itatsetsereka kuchokera pakhonde. Ine ndinkati, "Tiyeni inu, atiyesa akuba." Iwo ankangoti, "Kukhala ngati ku Thyolo."

Amuna anga kwawo ndi ku Thyolo. Bambo owabereka ankathyola tiyi pa esiteti, ndipo iwo anakula akuona nyumba ya manijala ili pamwamba pa phiri, yoyera, khonde lake lozungulira. Ankaiona ali m'munsi, atanyamula chakudya cha bambo awo. Kukwera kukafika pakhondelo sikunali kwa ana a anthu othyola tiyi. Zimenezi ndinkazidziwa, koma ndinkaziyesa nkhani zakale zongocheza.

Ndinakana miyezi ingapo, kenako ndinatopa. Ndinati tiyeni tikaione, mwina mukaona kutalika kwake mtima ukhala pansi. Tinanyamuka m'mawa, ine ndikudiraiva. Tinadutsa South Bend osaima, ngakhale ndinkafunitsitsa kupatuka kuti ndikaone anzanga akale. Mphesa zinali zitapsa, fungo lake linkalowa m'galimoto mawindo ali otseka.

Nyumbayo, abale, ndisaname, inali nyumba. Msewu wolowera wokha unali wautali moti ndinayamba kukayika ngati sitinasochere. Pakhomo anatilandira mayi wogulitsa nyumba, mzungu wansangala, makiyi ali m'manja. Anatizungulitsa zipinda zimene sindinathe kuziwerenga, khitchini yoti mungaphikiremo ukwati, ndi chipinda chapansi chozizira chosungiramo mabotolo a vinyo. Ndinawanong'oneza bambo kuti umu ndiye muzidzachitiramo maphunziro a Baibulo. Sanandimve n'komwe. Maso awo anali pa chitseko cha kukhonde.

Atatuluka pakhondepo anaima chilili, dzanja lili pa ndodo yawo. Mizere ya mpesa inatsika mpaka kudambo, n'kukweranso tsidya linalo. Nkhope imene ndinaiona tsiku limenelo ndinali ndisanaione chiyambire matenda. Anaoneka ngati mnyamata amene anandifunsira uja. Mtima wanga unawawa, chifukwa ndinadziwa kuti nkhaniyi yakula.

"Mayi, ndikayendeko pang'ono m'mizeremu," anatero.

"Ndi mwendo umenewo?"

"Ndi womwewu. Ndilibe wina."

Anatsika masitepe imodziimodzi n'kulowa m'munda. Ndinawayang'ana mpaka chipewa chawo chinabisika m'masamba.

Ndinatsala ndi mayi wogulitsa uja. Iye poona kuti bambo agwa nayo nyumba, anatembenukira kwa ine kuti andimalize. Anati chinthu chimene anthu amalipirira ndalama zambiri kuno si zipinda ayi, koma bata. Anati pano simuona munthu, simumva munthu, ndipo palibe amene angakumveni. Ananena monyadira, akumwetulira, ngati akundipatsa mphatso.

Ndinamufunsa kuti oyandikana ndi nyumbayi ali kuti. Analoza denga lina kutali, kuseri kwa mitengo, n'kunena kuti eni ake amakhala ku Chicago, amangobwera nthawi yotentha. Ndinafunsa za ambulansi. Anati imabwera ndithu, kenako anayamba kundionetsa maluwa.

Ine ndili ndi vuto limodzi, sindikhulupirira za pakamwa. Ngakhale poto pasitolo ndimayamba ndamugogoda. Ndinati ndiyese ndekha, mwina pali wantchito m'munda, mwina wodutsa pamsewu. Ndinapita kumapeto kwa khonde, ndinagwira chitsulo, n'kukoka mpweya.

"Mayo ine! Anthuni thandizeni! Ndafa ine!"

Ndinkafuna kukuwa kamodzi kokha. Koma mawu atangotuluka, sanafunenso kubwerera. Ndinakuwanso, ndi kukuwanso, mmene amakuwira amayi kwathu zikachitika, kuti mudzi wonse usiye makasu. Mayi wogulitsa uja anagwetsa makiyi. Mbalame zinabalalika m'mipesa. Kenako kunangoti zii. Ndinadikira. Palibe chitseko chinatseguka, palibe galu anauwa, palibe galimoto inaima.

Ndili pafupi kutembenuka kuti ndimuuze mayiyo kuti mwaonatu, ndinamva masamba akuphwanyika m'munsi.

Anali amuna anga. Ankathamanga. Munthu amene dokotala anamuuza kuti aziyenda mosamala ankathamanga chokwera chitunda, ndodo atataya, chipewa chitagwa, mwendo uja ukukokeka m'mbuyo. Ndinakuwa kuti, "Imani! Ndili bwino!" koma sanamve, kapena sanakhulupirire. Anagwa chafufumimba pakati pa mizere. Anadzuka pogwira waya wa mpesa, nayambanso. Ine ndinavula nsapato n'kutsika masitepe ngati wamisala, ndipo tinakumana pa kapinga, iwo akupuma mwabefu, buluku lili dothi lokhalokha, chikhatho chikutuluka magazi.

Anandigwira mapewa, akundiyang'ana kumutu mpaka kumapazi.

"Chachitika n'chiyani? Mwavulala pati?"

"Palibe, bambo. Ndimangoyesa ngati kuno anthu amamva."

Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo akanakalipa ndikanawayankha, pakamwa ndili napo. Koma anangokhala pansi pa kapingapo, mwendo atautambasula. Ndinang'amba tishu m'chikwama n'kuyamba kuwapukuta dzanja. Anayang'ana kumsewu, anayang'ana denga la anthu a ku Chicago lija, nthawi yaitali ndithu.

"Wabwera ndani?" anafunsa.

"Inu."

"Ine ndekha?"

"Inu nokha."

Anagwedeza mutu. "Ndipo mukanakhala kuti mwagwadi, ndikanafika n'kungokhala pambali panu. Kukunyamulani sindikanatha."

Mayi wogulitsa anabwera ndi madzi m'tambula, nkhope itafiira, akufunsa ngati aitane thandizo. Bambo anamuthokoza mwaulemu wawo uja wa kutchalitchi. Anamuuza kuti nyumba ndi yabwino kwambiri, sanaonepo yotere, koma si yathu. Ananena mosazengereza, ngati akuwerenga zolengeza.

Apa ndiye zinanditembenukira. Miyezi yonse ija ndinkafuna mawu amenewa, koma nditawamva anandilasa. Ndinayang'ana khonde lija, mipando iwiri itayang'ana kumunda, ndi munthu wanga atakhala pansi pa udzu, m'munsi mwake. Misozi inangoyamba yokha.

"Bambo, tiyeni tiigule," ndinatero. "Ndalongolola zambiri ine, musandimvere. Tidzaika mabelu, tidzapeza wina wokhala naye, ana azidzabwera. Mwaifuna moyo wanu wonse nyumba imeneyi. Tiigule basi."

Anandiyang'ana, n'kundipatsa dzanja kuti ndiwadzutse. Ndinakoka, iwo anadzikankha, mpaka anaima. Sanandisiye dzanja.

"Ayi, mayi," anatero. "Inu mukuti mumayesa. Ine ndakhala nanu zaka zonsezi, mawu anu ndimawadziwa. Kukuwa kumene kuja sikunali koyesa."