Jekete Yong'ambika ya a Khansala

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kaya ziwiri, za zaka musandifunse, kusukulu sindinapondeko. Akulemba izi ndi mdzukulu wanga Tadala, pa foni, kuno ku Balga, mumzinda wa Perth kutsidya kwa nyanja, ndipo ndamuuza kuti asakonze kanthu.

Bambo anga anali telala wa pakhonde. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya mmwenye wina pa boma pathu, munthu wamfupi, wa timawu tating'ono ngati ta kamwana ka mbuzi. Mmwenye ameneyo ndiye anthu a m'tauni anamusankha ukhansala, ndiye tonse tinkangoti a Khansala. Khondelo linkanunkhira mafuta a makina ndi nsalu zatsopano, ine ntchito yanga inali yotola tizidutswa.

Tsiku lina m'mawa kunabwera lole ya khonsolo ndi amesenjala. Akuti lamulo latsopano, matelala akudetsa tauni. Ananyamula makina asanu ndi anayi msewu wonse, ndi makina a bambo omwe, diresi la munthu likadali pansi pa singano. A Khansala anathamangira loleyo, jekete yawo n'kukodwa pa chitsulo, kweee, mkono wonse wa jekete kung'ambika mpaka paphewa.

Jekete imeneyo sanaivule. Kumsonkhano wa khonsolo, yomweyo. Kuukwati wa abale awo, yomweyo, mkono uli lendelende. Akazi awo ankafa ndi manyazi, poti m'sitolo majekete anali mbwee. Wina akafunsa, ankangoti, "Makina osokera ali m'ndende. Akatuluka ndisoketsa."

Ife kunyumba zinthu zinathina. Bambo ankasoka pamanja, zala zonse mabala, kabudula mmodzi masiku awiri. Tinayamba kudya kamodzi patsiku, mbatata zowiritsa. Sabata yachitatu bambo anabwera nkhope itagwa. Kalaliki wa khonsolo anali atawanong'oneza a Khansala, mawu ake okoma ngati uchi: "Bwana, tengani makina a telala wanuyo mwakachetechete, nkhani ithe, muvule chisanzacho." A Khansala anakana. Akuti onse asanu ndi anayi, apo ayi asatuluke ngakhale amodzi.

Bambo, munthu wofatsa, a Khansala atawauza zimenezi anangowomba m'manja, "Chabwino, bwana." Ine ayi. Pakamwa pangapa ndinabadwa napo. M'mawa mwake ndinakaima pakati pa msewu, kutsogolo kwa sitolo ya a Khansala, ogula ali tcheru, manja m'chiuno.

"Inu mukudya mpunga wa nyama, ife mbatata. Jekete simva njala. Katengeni makina a bambo anga, enawo adziwa okha."

Mayi anandikoka khutu kuchokera pamenepo mpaka kunyumba, kamtengo ka bulugamu kanathera m'miyendomu. Atatero anandibweza kuti ndikagwade ndipepese, poti khonde lenilenilo tikanalitaya. Ndinagwada pa simenti yozizira, mamina ali chuchuchu, koma mawu oti pepani anakana kutuluka.

A Khansala anandiyang'ana. Kenako ndi timawu tawo tija: "Mwana iwe wanena zoona, ine sindinagone ndi njala. Koma ndikatenga amodzi, mawa ndikaimirira m'khonsolo adzati khala pansi, zako tinakupatsa. Mawu anga safika patali. Ako amveka mpaka kumsika, koma wawatayira pa ine. Lachiwiri ubwere, ndikusonyeze pokuwira."

Ndinapita, ndi mkwiyo wanga womwewo. Mayi, omwe aja anandikwapula, ndiwo anakasonkhanitsa akazi a matelala ena ndi ana awo. Tinakhala pansi pa zenera la chipinda cha msonkhano, pafumbi. Ine ndinkayamba kukuwa motsanzira mawu a mesenjala, chifuwa patsogolo: "Nyamulani, nyamulani, akudetsa tauni." Kenako a kalaliki, okoma aja: "Mwakachetechete, bwana." Kenako a mng'ono wanga akulirira phala. Amayi onse n'kumavomera pamodzi, "Makina athu." Amesenjala anatithamangitsa, tinabweranso. Anatseka zenera, kutentha kwa mwezi wa Okutobala kunawatsegulitsa okha. M'katimo a Khansala ankaimirira ndi mkono wawo wolendewera, kudikira kuti tipume, ndiye n'kunena zawo pang'onopang'ono. Lachiwiri lililonse choncho, ine mmero utasasa, kunyumba mbatata zomwezo.

Sabata yachisanu ndi chiwiri lole inabwera. Makina onse asanu ndi anayi. Makina a bambo anali atachita dzimbiri, lamba makoswe atadya, koma atawathira mafuta anazungulira. Zikomo sindinanene, mtima unali ukadali m'mwamba. Patapita zaka amwenye anachotsedwa m'maboma ang'onoang'ono, a Khansala anapita, kaya kuti.

Kuno ku Perth, nthawi ija migodi inachepetsa anthu, mwana wanga Yohane anachotsedwa ntchito, n'kumangokhala pakhomo. Tsiku lina anagogoda mayi wachimwenye, mapepala m'manja, akufuna mavoti a ukhansala. Yohane anamufunsa ngati angamupezere kantchito kukhonsolo, mwamseri. Mayiyo anati ayi, zimenezo sangachite, chimene akumenyera n'choti onse ochotsedwa kumigodi aphunzitsidwe ntchito zina. Yohane anamenyetsa chitseko.

"Andale onse ndi chimodzimodzi, amayi. Achabechabe."

Ine ndinatsegulanso chitsekocho. Ndinamuthamangira mayiyo ndi masilipasi mpaka pa siteji ya basi, mawondo akulira, n'kumulanda mapepala khumi oti ndikagawe kutchalitchi, ine wosadziwa kuwerenga.

Yohane sindikumunena. Njala ya munthu mmodzi ndi njala ndithu, ndinaimva ndi mimba yangayi, ndipo wodikira ndi wokhuta ndi wodikira ndi njala si amodzi. Koma lero ndikudziwa chimene a Khansala ankakana. Mtsogoleri akakupatsa chako wekha kuseri, ndiye kuti wagula pakamwa pako, napo pake wagulitsa. Panga sipanagulidwe, mpaka pano.