Maphukusi a Mlamu Wanga Bernardina

Mlamu wanga Bernardina sindinamukonde kuyambira tsiku loyamba, ndipo sindibisa. Anabwera pamudzi pathu, kufupi ndi tauni ya Milange, m'chaka cha 1984, atathawa nkhondo kwawo ku Mongue. Mchimwene wanga Laurindo anali mkamwini kumeneko, ndiye zinthu zitavuta anatenga mkazi ndi mwana n'kubwerera kwathu. Mlendo amayamba wakhala chete n'kuona mmene eni mudzi amachitira. Osati Bernardina. Sabata isanathe anali atatifunsa kale kuti mfuti zikalira timathawira kuti.

Amayi athu, a Antónia, anaseka. "Kuthawa? Pano ndi pafupi ndi boma, mwanawe. Asilikali ali pompa."

"Nafenso tinkatero, apongozi," anayankha, n'kupitiriza kusenda chinangwa.

Anali mkazi wamfupi, wouma thupi, wosaseka wambawamba. Mwana anali naye mmodzi, Emília, amene matenda anamupuwalitsa mwendo ali wakhanda. Mwanayo ankayenda chokwawa, kapena kudzikoka ndi ndodo kuchoka pakhonde mpaka pankhokwe. Kulima Bernardina ankalima, kuphika nyemba za kalongonda ankatiposa tonse, koma mtima wake sunali pa zimenezo. Unali pa tsiku limene ankati likubwera.

Anatimangira maphukusi atatu m'makapulana akale, zitenje za kwathu kuno. La amayi linali lopepuka, munali mbewu zokhazokha: chimanga, nandolo, nthanga za maungu. Langa munali kapoto, bulangete ndi mpeni, chifukwa kumsana ndinali ndi khanda, mwamuna wanga atatengedwa kupita ku usilikali. Lake ndiye linali golosale yathunthu. Munali makaka a chinangwa, ufa pang'ono, botolo la mchere, machesi okulunga m'pulasitiki, singano ndi ulusi, mapiritsi a malungo, makhadi athu a ubatizo, ndi chigubu cha madzi chimene ankachisintha m'mawa uliwonse. Laurindo analibe phukusi lansalu. Phukusi lake linali Emília.

Ndiye panali malamulo, mayi wanga ine! Phukusi lako lizikhala pamene dzanja lako lingafike, kaya uli kumunda kaya kuchitsime. Mfuti zikalira usabwerere kunyumba, ngakhale utasiya mphika pamoto. Tenga katundu wako, osati wa mnzako, lunjika kumkuyu waukulu wa m'mbali mwa mtsinje, pamene madzi amalekeza m'mawondo. Lamlungu tikachokera kutchalitchi ankamenya chitini mwadzidzidzi, ife n'kunyamula maphukusi, ulendo wa kumkuyu dzuwa lili pamutu. Anthu ankatuluka m'nyumba kudzatiseka. Anamupatsa dzina lakuti Naphukusi, ndipo ine ndinali mmodzi mwa amene analifalitsa.

"Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako," ankatero tikadandaula. Mwambi umenewo ndinafika pomaumva ngati udzudzu m'khutu.

Chimene chinatikanganitsa kwambiri chinali dzenje. Anauza Laurindo kuti akumbe penapake pafupi ndi nyumba, poti Emília angathe kukwawirapo yekha ngati mfuti zalira bambo ake ali kutali. Mwanayo azilowa mmenemo, azitseka, azidikira mluzu wa bambo ake. Laurindo anakumba tsiku limene tonse tinali kumaliro. Lamlungu lililonse Bernardina ankapatsa mwamuna wake botolo la madzi ndi mtedza wokazinga kuti akasinthe za m'dzenjemo. Koma malo ake Bernardina anakana kuwadziwa, ndipo ifenso anatiletsa kufunsa. Mluzuwo bambo ndi mwana ankaphunzitsana kumunda awiriwiri, Bernardina atatseka makutu.

Tsiku lina ndinamupeza Bernardina akumubwerezetsa mwanayo lamulo lina.

"Akakuitana azakhali ako?"

"Sindiyankha."

"Akakuitana agogo?"

"Sindiyankha."

"Nanga ndikakuitana ine, amayi ako, ndikulira?"

Mwanayo anamuyang'ana kaye. "Sindiyankha, mama."

Ndinapsa mtima. "Mlamu, umeneku ndiye kupenga tsopano. Mwana asayankhe mayi wake? Mukulera munthu kapena mwala?"

Sanakweze mawu. Anatuma Emília kukhonde, n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Anati tsiku limene mudzi wawo unaotchedwa, iye anabisala m'munda wa mapira. Anthu amfuti anagwira mnansi wake, mayi wa ana atatu, n'kumuika mfuti pakhosi kuti aitane ana ake amene anali m'tchire. Mayiyo anaitana mmodzimmodzi ndi mayina awo. Onse atatu anatuluka, chifukwa mwana akamva mawu a mayi ake amabwera.

"Ine ndikudzidziwa, Januária," anatero. "Atandigwira ndingaitane. Atandimenya ndingaloze. Chimene sukuchidziwa sungachiulule."

Komabe sindinamukonde. Munthu amene akunena zoona tsiku ndi tsiku amatopetsa kuposa wabodza.

Zaka ziwiri zinadutsa. Mchere unasowa m'dera lonse, tinkadya ndiwo zozizira ngati odwala. Apa ndiulule tchimo langa. Bernardina akapita kukasamba, ndinkamasula phukusi lake n'kutapa mchere pang'ono m'botolo muja. Ndinkati kachala kamodzi sikangaoneke. Ndinatapa, ndinatapanso, mpaka botolo linafika pakati. Tsiku limene anaona sananditchule. Anangondiyang'ana, kenako n'kuuza mwamuna wake kuti, "Bambo a Emília, tengani nandolo uyu mukasinthe ndi mchere ku Muloza, kutsidya ku Malawi."

Linali Lolemba, nyengo yotentha ya 1986, mvula isanayambe. Laurindo anakwera njinga masana, nati akagona kwa mnzake kutsidya ndipo afika dzuwa lisanatuluke. Lachiwiri m'mamawa Bernardina anapita kudimba ndi phukusi lake pamutu, akudziwa kuti mwamuna wake ali panjira. Amayi anapita kuchitsime. Ine ndinali kusinja kuseri kwa nyumba yanga, mwana ali kumsana, Emília akusewera pakhonde pawo.

Mfuti zinayambira kumsewu, dzuwa litangokwera pang'ono. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Munsi unagwa, dzanja linapeza phukusi, miyendo inapeza njira. Zaka ziwiri za chitini cha Bernardina zinandiyendetsa ngati mbuzi yodziwa khola. Ndinatenga katundu wanga, osati wa mnzanga, monga mmene tinaphunzirira. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ine sindinacheuke n'komwe kukhonde kuja.

Pamkuyu panadzaza anthu. Aja ankatiseka anafika manja lendelende. Wina ananyamula mthiko wokha, wina nsapato imodzi, wina anali ndi nkhuku koma osadziwa kumene kuli mkazi wake. Ana ankalira ludzu, ndipo chigubu cha Naphukusi chinayenda pakamwa ndi pakamwa. Palibe anaseka tsiku limenelo. Bernardina anatiwerenga: apongozi alipo, ine ndilipo, mwana wanga alipo, mbewu, poto, zonse zilipo. Kenako anaima n'kumayang'ana kunjira.

"Akubwera," anatero. "Mwanayo walemera masiku ano."

Pamenepo m'pamene mutu wanga unabwerera. "Mlamu," ndinatero, "achimwene sanafike. Njinga panalibe."

Sanakuwe. Anatula phukusi lake pamapazi pa amayi, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita, n'kubwerera yekha kumene utsi unkachokera. Anthu anayamba kuwoloka kupita ku Malawi. Ife tinatsala pansi pa mkuyu, kudikira.

Anabwerako dzuwa litapendeka, mapazi ali phulusa lokhalokha. Anthu amfuti anali atapita ndi mbuzi ndi chimanga, nyumba zathu zitapsa. Mtembo wa mwana sanaupeze. Anaitana pabwalo, anaitana kunthochi, anaitana kumanda. Palibe anayankha.

"Ndiye kuti ali m'dzenje," anatero amayi. "Akumvera lamulo."

"Kapena amutenga," anayankha Bernardina. "Ndingadziwe bwanji, apongozi? Zonse ziwiri n'chete."

Lachitatu tinapita awiri, mwana wanga nditawasiyira amayi. Tinafufuza pansi pa nkhokwe yopsa, m'mbali mwa chulu, m'mapesi, kuseri kwa chimbudzi. Tinkagogoda nthaka ndi ndodo kuti timve ngati pali mphako. Laurindo anali atagwira ntchito yake bwino kwambiri, mmene mkazi wake anamuuzira. Ndinayesa kuimba mluzu, ine amene kuyambira ubwana ankandiletsa kuti mkazi saimba mluzu. Unatuluka mpweya wokhawokha, komanso nyimbo yakeyo sitinkaidziwa.

Bernardina anatsamira mpanda wa khola lakale la nkhumba, limene tinalisiya chaka chapitacho nkhumba zitafa. Anaitana mpaka mawu anasasa.

"Emília! Ndine amayi ako, ndili ndekha! Palibe wandigwira! Lamulo lija latha, mwanangu, ndalichotsa ine mwini wake! Emília!"

Ankadziwa bwino kuti mawu amenewo ndi omwe mayi wogwidwa anganene. Anali atamuchenjeza mwanayo za mawu omwewo. Ndinamuona akuwerenga ndi zala: botolo limodzi la madzi, dzuwa lotere, tsiku lachiwiri. Ndinafuna kumuuza za mchere, kuti ndine ndinachotsa Laurindo pakhomo. Ndinatsegula pakamwa, iye n'kunditsekereza.

"Ndikudziwa, Januária. Koma amene anamutuma ndine. Sakani."

Laurindo anafika pamkuyu Lachinayi m'mawa, wopanda njinga, wopanda mchere, mapewa atasupuka. Anakumana ndi anthu amfuti panjira, anamusenzetsa katundu masiku awiri, mpaka anapeza mpata n'kuzemba. Atayang'ana nkhope zathu sanafunse kanthu. Anamwa madzi n'kuyamba kuthamanga, ife pambuyo pake.

Atafika pabwalo analunjika kukhola la nkhumba lija. Anaima pamene Bernardina anatsamira dzulo lake, nanyambita milomo yake yong'ambika. Mluzu unakana kawiri. Kachitatu unatuluka, kanyimbo kafupi ka mawu anayi. Tinadikira.

Pakona pa kholalo, pansi pa mulu wa zinyalala zouma, china chake chinagogoda. Laurindo anakankha zinyalalazo n'kutukula chitseko cha nsungwi chomata ndi dothi. Panali mapazi atatu okha kuchokera pamene Bernardina anaimirira akuitana.

Anamutulutsa Emília ali wofooka ngati nsanza, milomo itauma, maso osatha kupenya kuwala. Botolo linali louma. Bernardina anamudonthezera madzi pang'onopang'ono ndi chala. Patapita nthawi mwanayo anamuzindikira, ndipo analankhula ndi mawu ang'onoang'ono okanda kukhosi.

"Mama, ndinakumvani. Dzulo ndi dzana. Ndinaluma nsalu kuti ndisayankhe." Anapuma kaye. "Ndakhoza?"

Zaka ziwiri ndinakhala ndi mkazi ameneyu osamuona akugwetsa msozi. Pamenepo anagwa m'phulusa n'kulira ngati pamaliro, mwana wake ali moyo m'manja mwake. Emília anachita mantha n'kuyang'ana bambo ake, poganiza kuti walakwitsa penapake. Laurindo ndiye anayankha. "Wakhoza, mwanangu."

Tinawoloka tsiku lomwelo. Laurindo atawerama kuti abereke mwana monga mwa lamulo, Bernardina anamukankhira phukusi lake lija n'kumubereka yekha. Palibe anatsutsa.

Tinakhala ku Malawi zaka zisanu ndi ziwiri. Mbewu za m'phukusi la amayi tinadzala pakamunda kamene munthu wina wachifundo anatibwereka, kapoto kanga kanatiphikira mpaka kanabooka, makhadi a ubatizo anatithandiza polembetsa mayina. Sindinganame, tinapulumuka chifukwa cha Bernardina, ndipo aja ankamutcha Naphukusi ankabwera kudzapempha singano ndi machesi mitu ili pansi. Koma chitini sanamenyenso. Mwana wa munthu wina akalira kumsasa, iye ndiye ankayamba kudzuka.

Titabwerera kwathu Bernardina anamanganso nyumba pamalo omwewo, nakwirira dzenje lija ndi manja ake. Anamwalira zaka zingapo zapitazo, phukusi laling'ono lili kumutu kwa mphasa yake, chifukwa chizolowezi chimenecho sichinamuchoke. Masiku ake omaliza ndinkamusamalira ndine, ndipo pofika nthawiyo ndinali nditamukonda, ngakhale sindinamuuzepo.

Emília ndi telala pamsika wa Milange, amapalasa makina ndi mwendo wake wabwinowo. Ali ndi ana awiri amene amayankha asanaitanidwe n'komwe. Koma iye mpaka lero, ukamuitana dzina atakufulatira, sayankha msanga. Makina amaima, mapewa amauma, amakhala chete kaye pang'ono. Makasitomala amaganiza kuti samva bwino. Amayi ake ankadziwa, ndipo zaka zonse zimene anakhala ndi moyo sanamuitanenso ali patali. Ankanyamuka, kuyenda mpaka pamene mwanayo ali, n'kumugwira paphewa.